Maso Anga Sanachoke pa Bambo a Tada ku Japan

Abusa, akulu ampingo, abale ndi alongo, landirani moni m'dzina la Yesu. Aleluya! Ndikufuna kuchitira umboni, ndipo inu bambo a Tada musandiyang'ane choncho, ndinena zonse.

Amuna angawa amagwira ntchito ku South Bend, kwathu ku Lawrence amabwera pa wikendi pokha. Anzawo kumeneko anawaphunzitsa kuskiya, kutsetsereka pa sinowo ndi timatabwa tiwiri kumapazi. Tsiku lina akuti, "Mayi a Tada, ndikupita ku Japan kukaskiya m'mapiri." Ine ndinati, "Sinowo ya pakhomo pano mumakana kufoshola, ya ku Japan ili ndi shuga?" Posakhalitsa foni yawo inayamba kulira pafupipafupi, mawu a mzimayi. Akuti ndi gaidi, wodzawatsogolera m'mapirimo. Gaidi! Amayi muli muno mukundimva. Mtima wanga unakana. Ndinabuka tikiti yanga, ndipo dzinja lonse ndinkapita ku kaphiri ka ku Michigan kukaphunzira, kugwa, kudzuka, kugwanso, mpaka msana kuwawa.

Titafika, gaidi uja ndinamuona: mtsikana wowala, womwetulira nthawi zonse. Ndinati eya, ndimadziwa ine. Anatipatsa kachipangizo kovala mkati mwa jekete, koti sinowo ikakukwirira anzako akupeze. Anatipatsanso fosholo ndi ndodo yopinda yofufuzira munthu pansi. Atati awamange malamba amuna anga, ndinati, "Ayi, ndimanga ndekha."

Anatiuza kuti tisadutse pansi pa chingwe chotchinga malire a malo oskiyira, titulukire pageti. Anati tisayandikire mitengo, chifukwa patsinde sinowo imakhala yofewa, pamakhala dzenje losaoneka. Kenako anati, "Aliyense asachotse maso pa mnzake." Mumtima ndinati, mwanawe, zimenezo usandiphunzitse, ndi zomwe ndabwerera.

Tinakwera phiri, thukuta kamukamu m'kuzizira konseko. Potsika m'nkhalango, bambo a Tada anandisiya, liwiro kutsatira gaidi. Ndinapsa mtima, abale, ndinapsa mtima! Anzawo ankajambula mapiri, ine maso ali pa jekete yofiira ya amuna anga. Ndikuona akukhota pafupi ndi mtengo waukulu, kenako zii. Munthu palibe. Sanakuwe, sanaitane, palibe wina anaona.

Ndinakuwa m'Chichewa, "Mayo ine! Amuna anga!" Chizungu chonse chinathawa. Ndinangoloza mtengo uja, dzanja osatsitsa, ndikuopa kuti ndikangophethira mitengo yonse ifanana. Gaidi anakwera kubwerera. Tinapeza nsonga za timatabwa ta kumapazi tija zokha, iwo mutu uli pansi m'dzenje, sinowo itawatsekera. Ndinathamangira kukoka miyendo, mtsikana uja anandikalipira kuti ndisiye, ndiwakwirira kwambiri. Anayamba kukumba cham'mbali, kufuna nkhope kaye. Ine ndikukumba ndi manja, ndikulira, "Yesu, Tada ndikamuuza chiyani? Ndikwera ndege ndi bokosi ine?"

Nkhope inaoneka, maso otseka, pakamwa podzadza sinowo. Gaidi anaichotsa ndi zala. Tinadikira. Abale, tinadikira! Kenako anatsokomola. Sindinamvepo chifuwa chokoma ngati chimenecho.

Gaidi anandiuza kuti ndikanapanda kuona malowo, kufufuza kokha kukanatidyera nthawi imene munthu alibe. Ndinamukumbatira, ndinamuthokoza ndi mtima wonse. Koma nambala yake tsopano ili mufoni yanga, mwa iwo ndinafufuta.

Achinyamata amene mukufuna kupita kumeneko, musapite nokha, mverani gaidi, mitengo muitalikire, ndipo mnzanu mumuyang'ane ngati ndiwo zili pamoto.

Ine lero ndikanakhala pabenchi apo nditavala zakuda. Koma Mulungu anatenga nsanje yanga, nsanje yeniyeni, n'kuigwiritsa ntchito. Zikomo Yesu! Bambo a Tada, imirirani anthu akuoneni. Imirirani, musachite manyazi. Mpingo, akupumatu awa! Imbani m'manja, amayi lulutani nane!