Mbola ya jelifishi ndi mwana wanga

Ndikupatsani moni abusa, ndi inu nonse abale ndi alongo mwa Ambuye. Ndikufuna kuchitira umboni.

Mukudziwa kuti bambo a Tadala anatisiya. Chimene simukudziwa n'chakuti maliro atatha, m'nyumba mwathu ku Mississauga, kudziko la eni kuno, munasanduka manda achiwiri. Ndikaweruka kosamalira okalamba kuja, ndimafika m'nyumba muli zii. Tadala, mwana wanga mmodzi yekhayo, ali kuchipinda, chitseko chotseka. Ndikagogoda, yankho n'lakuti ndimusiye, m'Chingerezi. Ndikati ndimugwire paphewa, ankachita ngati ndamuwotcha. Ndinkadya ndekha, abale anga, ndekhandekha. Munthu wosambitsa amayi a eni tsiku lonse, koma wopanda ondifunsa kuti mwaswera bwanji.

Ndinatopa. Ndinakwiya. Ndinagwirizana ndi mkulu wanga ku Zomba kuti mwanayu ndimutumize kumudzi akamuwongole. Amayi muli panonu musandiyang'ane choncho, nanunso munaziganizapo.

Nyengo yotentha itafika ndinamutengera kunyanja yamchere, kum'mawa kwa dziko lino, kuti ndikamuuzire komweko. Ulendo wonse, iye zomvera m'makutu, ine maso pawindo.

Titafika ndinalowa m'madzi mpaka m'mawondo, ndikukonza mawu oti ndimuuze. Mwadzidzidzi mwendo wanga unayaka moto. Ndinaona kanthu kofewa ngati phala, kokhala ndi tizingwe, kakuyandama. Amati jelifishi. Ine kwathu madzi saluma. Ndinathamangira kumchenga, n'kuyamba kutikita ndi chitenje monga timachitira, kwinaku ndikutsegula botolo la madzi akumwa kuti ndithirepo.

Ndinangomva, "Amayi, musatikite!"

Abale, m'Chichewa. Chopotoka, koma Chichewa. Chimwalirire bambo ake ndinali ndisanachimve pakamwa pake.

Anandilanda botolo lija. Anati tizingwe tija tili ndi timbola tosaoneka ndi maso, tambirimbiri, tomwe timathomoka tokha tikangokhudzidwa, ndipo kutikita kapena kuthira madzi opanda mchere kumadzutsa tomwe tinali tisanalume. Anatsuka ndi madzi a m'nyanja momwemo, n'kukapempha madzi otentha, n'kundiviika mwendo. Anagwada pamchenga atandigwira phazi.

Ine ndi mkwiyo wanga ndinati, "Nanga chandilumiranji? Ndachilakwira chiyani?"

Anayankha osandiyang'ana, "Sichikudziwani, amayi. Chilibe ubongo. Chilibe fupa, chilibe chigoba, chilibe pothawira. Mbolayo ndi yomwe chimagwirira chakudya, ndi yomwe chimadzitetezera. Chilichonse chochikhudza chimalumidwa."

Ndinayang'ana mutu wa mwana wanga uli chowerama. Mwana wofewa, bambo ake palibe, alibe pothawira. Ndipo ine tsiku ndi tsiku ndinkatikita. Mawu ndinakonza aja ndinawataya. Ndinalira, iye n'kumaganiza kuti ndi mwendo.

Sindinama pamaso pa Mulungu, zonse sizinathe. Masiku ambiri ndimadyabe ndekha. Chitseko chija chimatsekedwabe. Koma sindigogodanso mwaukali. Ndimakhala pansi panja pake, n'kumayimba chapansipansi nyimbo imene bambo ake ankaikonda. Sabata yathayi chitseko chinatseguka pang'ono, ndipo sichinatsekedwenso mpaka nyimbo inatha.

Mkulu wanga ndinamuuza kuti asakonzenso bedi. Mwana wanga sapita kulikonse.

Ndikuthokoza Yehova amene anandiluma mwendo kuti ndisataye mwana. Kondwerani nane, abale. Ndipo Tadala ali muno lero, wabwera yekha osakakamizidwa, wakhala kumbuyoko pafupi ndi khomo. Chonde musacheuke. Ombani m'manja muli choyang'ana kuno.