Alamu anga anandinyazitsa pa gulu chifukwa cha makala

Aulutsi, ndalemba kalatayi mtima ukuwira, muiwerenge mmene ililimu. Ndimalima ku Kapondo, ndipo zokolola zikavuta ndimaotcha makala n'kukagulitsa pa Kamwendo.

Anthu ochokera m'mudzi mwathu tili ndi gulu la pa foni. Sabata yatha pagulupo panabuka mkangano wa magetsi, ena akuti sola, ena akuti gasi. Kenako alamu anga a ku Lilongwe anaponya chithunzi changa ndikukankha njinga ya matumba atatu, n'kulemba kuti, "Osaukitsa dziko ndi awa." Anthu anaseka. Mwana wanga wamkazi anabwera kuchokera kusukulu akulira, anzake atamuonetsa chithunzicho.

Chikundiwawa n'chakuti alamuwo anachijambula tsiku lomwe anandiimitsa pamsewu n'kutenga thumba limodzi laulere, ati kwawo magetsi akuzimazima. Ndinawapakirira ndekha m'galimoto.

Omvera anzanga, musananyoze munthu pa foni, muziyamba mwasuzumira kukhitchini kwanu.

Dzulo alamu aja anaimba foni opanda ndi manyazi omwe: "Alamu, mutisungireko lina." Ndinawayankha kuti, "Alamu, pa gulu paja moto ulipo wambiri. Kaphikireni pomwepo."