Mayi Eneles Chitsonga ndi Nyimbo Imene Anakana Kuchotsa

Anamfedwa, akuluampingo ndi nonse mwabwera, amene agona apawa ndi Mayi Eneles Chitsonga. Anabadwa mu 1939 ku Ntcheu, ndipo anaphunzira ku mishoni mpaka kukhala mphunzitsi. Mu 1962 anamanga banja ndi Bambo Griffin Chitsonga, amene ntchito yawo inawabweretsa kuno ku Nairobi, ku South B, mu 1973.

Mayiwa sankadziwa kupinda manja. Ankatsogolera kwaya ya mpingo wathu, ndipo mu 1978 analemba sewero la nyimbo, lonena za amayi a ku Kawangware, muno mu Nairobi, amene anawagwetsera mabenchi pamsika.

Sanathamangire nalo m'tauni ayi. Anayamba kukaliyesera kunja, ku Thika, ku Nakuru mpaka ku Kisumu. Iwo ankakhala kumbuyo pafupi ndi chitseko, kumvetsera oonerera, osati oimba. Nyimbo imene anthu ayamba kutsokomola ili mkati, ankaichotsa tsiku lomwelo, ngakhale ikhale yapamtima. Ku Nakuru kokha zinapita zitatu. Mayi Dinah, woimba wathu wamkulu, mpaka lero amadandaulabe nyimbo yawo imene inachotsedwa kumeneko.

Atapempha chilolezo choonetsera mu Nairobi, akuluakulu ena a boma anati achotse kaye nyimbo yomaliza, ya amayi akumanganso msika wawo. Mayi Chitsonga anayankha kuti pa nyimbo imeneyo sanamvepo munthu akutsokomola. Anawakaniza kasanu konse. Eti kuopa amayi ogulitsa tomato! Mayiwa anangoti ngati zili choncho ndiye kuti kuyesera sikunathe, nakweranso minibasi ndi ng'oma zawo. Anazungulira nalo m'maholo a kunja zaka khumi, osafooka.

Anayamba kudwala impso mu Januwale chaka chino cha 1988, ndipo anatisiya Lachiwiri lapitali. Zikutiwawa kwambiri kuti apita osaliona sewero lawo mumzinda uno. Abale kumudzi anafuna kuti maliro apite ku Ntcheu, koma eni ake anali atakaniratu. Anati aikidwe muno mu Nairobi, ndipo bokosi likamatsika, oimba awo aimbe nyimboyo yonse, osadumpha ngakhale mzere umodzi. Oimbawo ndi awo aima apowo. Chilolezo sitinapemphe kwa munthu.

Malemu asiya amuna awo, ana atatu, Vitus, Lorna ndi Joanna, zidzukulu ziwiri, ndi mng'ono wawo Mayi Magdalene.

Apumule mu mtendere mayi wathu. Oimba, yambani.