Chona amene tinakamusiya ku Chisi

Ine ndine mayi wa kwa Mwambo, m'mbali mwa nyanja ya Chilwa. Zimene ndikuuzenizi zinachitika m'zaka za m'ma 1950, nditangokwatiwa kumene.

Amayi anga anandipatsa chona wamkazi kuti azilonda mpunga m'nyumba. Ntchito ankaigwira ndithu, moti makoswe anasiya kumveka kudenga. Koma anali wakuba. Amuna anga akayanika matemba ankadya nawo, ndipo tsiku lina anagwira mwanapiye.

"Ameneyu sagonanso pano," anatero amuna anga. Anamuika m'thumba n'kukamusiya kwa msodzi mnzawo pachilumba cha Chisi, poti chona ukamutaya kumtunda amabwerera yekha.

Mvula itayandikira, ndinatsitsa chikwatu cha mpunga wa mbewu. Munali mankhusu okhaokha, makoswe atadya mbewu yonse. Ndinangokhala pansi, manja ali lende.

Amuna anga anali mkamwini, choncho anakapempha mbewu kwa apongozi awo atanjuta patali, nkhope atalozetsa kumbali. Amayi anayankhira kwa ine: "Uwauze bambowo kuti mbewu ilipo, koma sindiipereka kunyumba yopanda mlonda."

Amuna anga anakweranso bwato kupita ku Chisi. Msodzi uja anakana kubweza chonayo, ati makoswe anasiya kumudyera maukonde. Anangowapatsa kamwana ka chonayo, posinthana ndi thadzi lathu loikira.

Kuyambira pamenepo amuna anga ankayanika matemba pathandala lalitali, ndipo angapo ankakaponyera okha kachonako.

Anzanga osunga mbewu, mlonda amadya pantchito pake. Kwathu chona anangodya mwanapiye, koma mkwiyo unadya thadzi ndi mbewu yomwe.