Mawu a malemu amuna anga m'gemu

Moni omvera anzanga. Ndine mayi wamasiye wa ku Nsaru. Mwana wanga wamkazi amatsogolera gulu lopanga magemu a pafoni m'tauni. Bambo ake asanamwalire, anawajambula mawu akukuwira ng'ombe zapangolo kuti adzawaike m'gemu.

Atabwera kudzandiona, ndinamumva akuuza anzakewo pafoni kuti, "Nthawi yatithera, gawo la ngolo tilichotse."

Ndinapsa mtima. "Iwe, ukuchotsa bambo ako?"

"Amayi, anthuwa atopa. Wojambula zithunzi ali ndi khanda. Sindingawaphe ndi ntchito chifukwa cha chisoni changa."

Sindinamulankhulenso mpaka anabwerera.

Gemu itatuluka anabwera nayo, akuti anzakewo amuuza kuti akaisewere ndili pomwepo. Atafika kumapeto, panatulukira kangolo kosenza fodya, kenako mawu aja: "Tiye! Tiye iwe!"

Anali mawu a amuna anga. Mwanayo anagwira pakamwa, misozi chuchuchu. Nayenso sankadziwa. Anzake aja anakaikamo okha, osatumidwa.

Inu oyang'anira anzanu pantchito, anthu amaona mukamawaganizira. Ine lero, ndi ukalamba wangawu, ndimalimbana ndi foni mpaka kumapeto kuti ndikamve amuna anga akukalipira ng'ombe.