Amuna a Anti Loke Ali M'kabati

Pa nyumba ina yosungirako okalamba ku Ipoh, tsiku loti a boma abwera kudzayendera limadziwika ndi matawulo atsopano, amene madzulo ake amabwerera komwe anachokera. M'mawa wa tsiku lotero, Foong Kah Wai, mkamwini wa mwini nyumbayo, amene anamupatsa udindo woona zachitetezo chifukwa panalibe pena pomuika, analowa m'chipinda cha Anti Loke akununkhiza ngati galu wosochera.

"Anti, muno mukumveka utsi."

"Wadya kale, Ah Wai?"

"Ndadya. Utsi, Anti. Mumasuta?"

"Ine? Asa! Utsiwo ndi wa amuna anga."

Kah Wai anawerama n'kusuzumira kunsi kwa bedi. "Amuna anu amabwera muno?"

"Abwere kuchokera kuti? Amakhala momuno."

"Ino ndi mbali ya amayi!"

"Kawauze wekha. Ine chindikwatirireni sanandimverepo."

"Amalowera pati? Geti timakhoma."

"Geti lanulo limatsekereza ife a ndodo basi."

"Nanga amadya chiyani? Kukhitchini timaphika mowerenga mitu."

"Malalanje. Khofi m'mawa. Ndikapeza kanyama ka nkhuku m'phala lanu lamadzi lija ndimawasungira, koma chaka chino sindinakumane nako."

"Khofiyo mumathira shuga? Ngati ali ndi matenda a shuga tiyenera kudziwa."

"Anasiya kudwala."

"Ndiye amagona pati? Bedi ili ndi la munthu mmodzi, lamulo likutero."

Anti Loke analoza kabati ya zovala ndi mlomo. Kah Wai anakonza kolala, nafika pachitseko chake, nagogoda mwaulemu.

"Odi, Ankolo?"

Zii. Atatsegula, anakumana ndi chithunzi cha bambo wadazi wosamwetulira, malalanje, kapu ya khofi, ndi kamphika ka phulusa momwe munali tizidutswa ta lubani, timitengo tofukizira makolo.

"Anti... a Loke anamwalira?"

"Ayi, angochepa thupi."

Kah Wai anapumira m'mwamba. "Basi, ndiye sawerengedwa. Koma lubani ayi. Moto m'chipinda ndi woletsedwa, makamaka pakati pa zovala chonchi. Zonsezi zipita kosungira katundu a boma asanafike."

"Kumene mumasunga matewera kuja?"

"Komweko. Kuli mashelefu."

Anti Loke anaimika ndodo yawo pakati pa iye ndi kabatiyo. Mwana wawo anawalanda nyumba, madokotala anawalanda mchere, tsono mkamwini wa eni ake awalande ndi mwamuna yemwe?

"Gwira chithunzicho uone ngati dzanja libwerere kwanu."

"Musakwiye, Anti, taganizirapo kale." Anatulutsa m'thumba kamtengo kapulasitiki kokhala ndi chingwe. "Apongozi agula lubani wamagetsi. Mukangolumikiza kukhoma, kansongaka kamafiira."

"Utsi wake uli kuti?"

"Alibe. Ubwino wake ndi umenewo."

"Ndiye khofiyu awafika atakwera chiyani? Iwe, madzulo ano mkazi wako akuikire chithunzi cha mpunga patebulo, tione ngati ukhute."

"Chithunzi sichidyedwa, Anti."

"Eya! Lero walankhula ngati munthu."

Kah Wai analoza kudenga, pomwe panali kachinthu koyera kozungulira ngati kambale. "Mukukaona kabelu ako? Kakangomva utsi kamalira. Nyumba yonse timathawira panja, a pa njinga za olumala, a pa machira, onse. Mukufuna zimenezo zichitike pamaso pa a boma?"

"Kamalira?"

"Mogonthetsa m'khutu."

"Liti?"

"Kakamva utsi."

"Hoo. Chibwerereni muno ndimafukiza m'mawa ndi madzulo, pansi pake pomwepa. Mwina n'kaulemu, sikafuna kusokoneza akuluakulu."

"Sizingatheke. Kali ndi chizindikiro chovomerezeka."

"Ndiye chizindikirocho chilire."

Kah Wai anakwera pampando, nadina. Zii. Anadinanso. Anapotokola chivundikiro, n'kukhala chiimire, khosi lili m'mwamba.

"Wapezamo chiyani?"

"Mazira a nalimata."

"Aa, kali ndi banja! Batire nalo lili bwino?"

"Mulibe."

"Anti Mei Fong a chipinda chinacho amawotcha nsomba zouma pa ayironi Lamlungu lililonse. Kawonso n'kaulemu. Nyumba ino ndi ya tinthu toleredwa bwino."

Kunja kunamveka hutala ya galimoto, kenako geti likukwekwerezeka. Anti Loke anapisa m'malaya, natulutsa machesi, nawagwedeza pafupi ndi khutu.

"Anti, mukufuna kutani?"

"Alendo akalowa ndiyatsa. Tiima tonse pano, ine, iwe ndi a boma, tidikire kulira kogonthetsa kuja."

"Atitsekera nyumba!"

"Tsika pampandopo, sindikambirana ndi mawondo a munthu." Anatsika. "Choyamba, mabatire m'zipinda zonse, lero. Sindinabwere kuno kudzapsa ngati bakha wapamsika."

"Koma tikaikamo, lubani wanu akaliza kabelu."

"Waona kuti umaganiza ukapanikizika? N'chifukwa chake amuna anga asamuka. Apita pakhonde, pa tebulo lachitsulo, kamphika kodzaza mchenga, pamalo pooneka. Atopa ndi fungo la zovala zanga."

"Lamulo silinena za pakhonde..."

"Ndiye lamulolo ndi ine tagwirizana."

"Tiikepo wamagetsiyu, ndiye wanuyo pa zikondwerero pokha?"

Anti Loke anasolola kamtengo kamodzi ka machesi.

"Kamodzi pa tsiku, Anti?"

Anakagunditsa pabokosi.

"Kawiri! M'mawa ndi madzulo!"

"Ndi ntchafu ya nkhuku pa tsiku lawo lokumbukira. Yathunthu, osati mthunzi wake."

M'khonde munayamba kumveka nsapato, ndi mawu a apongozi akuseka nthabwala imene a boma anali asanainene. Kah Wai ananyamula chithunzicho ndi manja awiri, malalanje kukhwapa, thukuta lili kamukamu. Atafika pakhomo anatembenuka.

"Anti, Ankolo amakonda mbali ya kudzuwa kapena ya mthunzi?"

"Afunse wekha," anatero Anti Loke akubweza machesi m'malaya. "Si iwe unawagogodera?"