Mbiri ya Malemu Dikoni Cleophus Bazemore, Mwini Mpesa wa ku Cashie

Abusa, azakhali athu a Ozella, abale ndi alongo nonse, ine ndine Lorenzo Outlaw, mwana wa mlongo wawo wa malemu. Banja landituma kuti ndiwerenge mbiriyi.

Malemu Bambo Cleophus Bazemore anabadwa m'chaka cha 1939 kufupi ndi mtsinje wa Cashie, m'boma lino la Bertie. Anali achitatu m'banja la Bambo Willis ndi Mayi Hattie Bazemore. Kuseri kwa nyumba imene anabadwiramo kunali mpesa wa mtundu wa masikadaini umene mayi awo anabzala ali mtsikana, ndipo malemu ankati anaphunzira kulavula njere za mphesa asanaphunzire kuyankhula.

Sukulu anayamba pa sukulu ya ana akuda ya pa tchalitchi pompano. Bambo awo atamwalira, anaisiyira panjira n'kulowa m'minda ya mtedza ndi fodya kuti azing'ono awo apitirize.

Mu 1961 anakwatira Mayi Ozella Speller, ndipo patapita zaka ziwiri anasamukira kumpoto, ku mzinda wa Newark, monga ankachitira anyamata ambiri nthawi imeneyo. Kumeneko ankakonza mabasi. Anayesa kubzala nthambi za mpesa wa kwawo pakabwalo ka kuseri, koma chisanu chinkazipsereza chaka ndi chaka. Ana awo amakumbukira katoni ya mphesa imene agogo ankatumiza mwezi wa Seputembala. Inkafika zina zitaphulika, fungo lili nyumba yonse, malemu n'kukhala pakhonde akudya imodziimodzi.

Mayi Hattie atatisiya mu 1978, malemu atabwera kumaliro anapeza denga likudontha, nsanja ya mpesa itagwa, mpesawo utakwera mumtengo wapaini. Anaganiza zobwerera kumudzi. Azakhali anakana, chifukwa anali ndi ntchito yabwino kuchipatala. Malemu anati, “Ozella, nyumba tingamange paliponse, koma mpesawu sukwera basi.” Iwo anayankha kuti, “Ndiye mukanakwatira mpesawo.” Komabe analongedza.

Anadzutsa nsanja ndi mizati ya mkungudza, nagwira ntchito pa galaja ya ku Windsor kufikira atapuma. Mu mpingo uno wa Baptist anali dikoni komanso woyimba besi. Za vinyo amene ankasunga m'shedi sindinenapo zambiri pamaso pa abusa, malemu ankati ndi mankhwala a chifuwa, ndipo madikoni ambiri muno ankatsokomola. Chilimwe chilichonse ankakwirira nthambi m'dothi kuti zimere mizu, n'kumagawira aliyense wokwatira kapena womanga nyumba.

Mu 1999 madzi a namondwe anamiza dera lathu. Nyumba inakonzeka, koma mpesa wa mayi awo unafa. Malemu anasiya kuyimba. Anadula thunthu lake okha, osalola wowathandiza, ndipo kwa miyezi sankapita kuseri. Dzinja likutha, Mayi Pearlie Cherry, mayi wamasiye wa kumtunda, anatulukira ndi chidebe cha dothi muli kamtengo. Anati, “Achimwene, uyu ndi mwana wa mayi anu, munandipatsa tsiku la ukwati wanga. Wabwera kwawo.” Anthu enanso atamva anabweretsa awo. Mphesa zimene mwakhala mukudya zaka zonsezi ndi za timitengo timeneto.

Chaka chathachi anadwala matenda ofa ziwalo. Mwezi wa Febuluwale anapempha kuti awakankhire pa njinga yawo ya olumala kufikira pansi pa nsanja, ndipo analangiza mwana wawo Darlene kadulidwe ka nthambi, akuloza ndi dzanja limene linatsala lamphamvu. Darlene ataona madzi akudontha pamabala a mpesa, anayamba kulira. Malemu anati, “Iwe dula, usachite mantha. Mpesawu umalira choncho chaka chilichonse, koma sufa.” Anatisiya Lachiwiri lapitali kunyumba kwawo, azakhali ali pambali.

Asiya mkazi wawo, Mayi Ozella. Ana atatu, Darlene, Reginald ndi Yvonne. Mlongo wawo, Mayi Essie Outlaw, amene ndi mayi anga. Zidzukulu zisanu ndi ziwiri, ndi zidzukulutudzi ziwiri.

Azakhali akuti tikachoka kumanda tonse tidzere kunyumba. Mphesa zapsa, wothyola palibe, ndipo iwo sangathe kuyang'ana kuseriko okha.

Amalume, mwagwira ntchito yanu. Mupumule mu mtendere wa Ambuye.